Mafunso a Owerenga: Ndikufuna Kuchita Kafukufuku wa Mbiri ya Zaluso, Ndiyambire Pati?

FUNSO LOYAMBA

Wokondedwa Mlangizi,

Ndinamaliza digiri yanga yoyamba zaka zitatu zapitazo, ndipo pa maphunziro onse amene ndinachita, amene anandigwira mtima kwambiri ndi a mbiri ya zaluso, ndiko kuti kuphunzira za zithunzi zojambula ndi utoto, ziboliboli, zoumba ndi nyumba zamakedzana, pamodzi ndi anthu amene anazipanga. Panopa ndikuphunzitsa ku sekondale, koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndikufunitsitsa kubwerera ku yunivesite kukachita digiri ya masitazi ya kafukufuku, ndipo zikadzatheka, PhD pambuyo pake. Vuto langa ndi lakuti ndikafunsidwa chimene ndikufuna kukafufuza, ndimangonena kuti ndimakonda zaluso. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite amene ndinamulembera kalata anandiyankha mwachidule kuti ndidzamulemberenso ndikadzapeza funso. Zinandipweteka kwambiri. Kodi chikondi changachi n'chosakwanira? Nanga ndiyambire pati, ndipo kopita ndikusankhe bwanji?

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkazi

YANKHO

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mundikhululukire poyamba ndi mawu amene mwina simukufuna kuwamva: mphunzitsi ujayo anaperewera pa kayankhidwe, koma mfundo yake inali yoona. Chikondi chanu n'chofunika ndithu, chifukwa ndicho chidzakudzutseni m'mamawa m'chaka chachitatu cha kafukufuku, pamene abale ndi anzanu adzakhala atatopa kumva za mutu wanu. Komabe digiri ya kafukufuku siperekedwa chifukwa chakuti munthu amakonda zithunzi. Imaperekedwa kwa amene wafunsa funso lomwe silinayankhidwe mokwanira, wapita kukasonkhanitsa umboni, ndipo wabwerako ndi yankho limene akatswiri ena angathe kuliyesa, kulivomereza kapena kulitsutsa. Pa digiri yoyamba munkaloweza ndi kumvetsa zimene ena anapeza, koma pa digiri imene mukuifunayi adzakufunsani chimene inuyo mwaonjezapo.

Kuti muone mtundu wa funso limene ndikunena, titenge chithunzi chimodzi chimene mwina munakumana nacho m'kalasi. Ku National Gallery mumzinda wa London kuli chithunzi chimene Jan van Eyck anajambula pathabwa, choonetsa mwamuna ndi mkazi ataima m'chipinda atagwirana dzanja, kagalu kali kumapazi kwawo, ndipo pakhoma la kumbuyo pali kalilole wozungulira. Pamwamba pa kaliloleyo wojambulayo analemba m'Chilatini kuti iye analipo pamenepo, n'kuikapo chaka cha 1434. M'chaka cha 1934 katswiri wina wotchuka, Erwin Panofsky, analemba kuti chithunzichi chikuonetsa mwambo womanga ukwati, kuti dzina la wojambulalo lili ngati siginecha ya mboni, ndiponso kuti kandulo imodzi yoyaka, galu ndi nsapato zovulidwa zili ndi matanthauzo obisika. Kwa zaka zambiri ophunzira anaphunzitsidwa zimenezi ngati nkhani yotha kale, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti ojambulidwawo anali Giovanni di Arrigo Arnolfini, wamalonda wa ku Lucca m'dziko la Italy yemwe ankakhala ku Bruges, mzinda umene lero uli ku Belgium, pamodzi ndi mkazi wake. Koma m'zaka za m'ma 1990 munapezeka chikalata chakale chosonyeza kuti awiriwa anakwatirana mu 1447, pamene Van Eyck anamwalira mu 1441. Munthu sangajambule ukwati umene unachitika patatha zaka zisanu ndi chimodzi ali m'manda. Zinatero kuti akatswiri ayambirenso kufufuza ngati mwamunayo anali wachibale wina wa banja lomwelo, ndiponso ngati chithunzicho chikuonetsadi ukwati. M'nyengo yomweyo, atachiunika ndi kuwala kwa infrared, kumene kumaonetsa mizere yoyamba yobisika pansi pa utoto, anapeza kuti wojambulayo anasinthasintha kakwezedwe ka dzanja la mwamunayo, ndipo kagalu kaja sikanali pa mizere yoyambayo.

Ndakhalitsa pa chitsanzo chimenechi chifukwa ntchito yonse imene mukuifuna ili m'menemo. Funso lake ndi laling'ono, loti mwana angalimvetse: kodi anthu awa ndi ndani, ndipo akuchita chiyani? Koma kuti liyankhidwe panafunika maso oona bwino, zikalata za m'nkhokwe zakale, luso lowerenga zilankhulo za nthawi imeneyo, ndi zipangizo za sayansi. Taonaninso kuti amene anatsutsidwayo sanali munthu wamba, koma mmodzi wa akadaulo olemekezeka kwambiri pa phunziroli. Choncho musaope kuti zonse zinanenedwa kale.

Chinthu choyamba chimene muyenera kudziphunzitsa, musanalembere yunivesite iliyonse, ndi kuyang'ana modekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa phunziro lina limene mwambiwu umaliyenera kuposa ili. Chithunzi cha pa intaneti chimabisa zambiri: sichikuuzani kukula kwenikweni kwa chinthucho, kulemera kwake, mmene utoto unakhuthalira pena n'kupyapyala pena, kapena malo amene wokonza wina wa m'zaka za pambuyo anamatapo. Sichikuonetsaninso kumbuyo, kumene nthawi zambiri kumakhala zidindo, manambala ndi timapepala ta amene anagulitsa kapena kusunga chinthucho. Pezani chinthu chimodzi chimene mungathe kuchifikira ndi maso anu m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, kaya ndi chosema, choumba kapena chojambula, mukhale nacho ola lathunthu, ndipo mulembe zimene mukuona musanawerenge zimene ena analemba za icho. Ambiri amadabwa kupeza kuti funso lawo loyamba limabadwira pamenepo, pamene aona kanthu kena kosagwirizana ndi zimene zalembedwa pa kachikwangwani kapambali.

Koma ndikuchenjezeninso kuti maso paokha amanamiza. M'chaka cha 1937 Abraham Bredius, yemwe ankadziwika ngati katswiri wamkulu wa zojambula za ku Holland, anaona chithunzi cha Yesu ali ku Emau ndipo analengeza kuti chinali ntchito yapamwamba ya Johannes Vermeer, wojambula wotchuka wa ku Holland wa zaka za m'ma 1600. Chinagulidwa n'kuikidwa m'nyumba ya zaluso ya Boijmans ku Rotterdam. Choonadi chinadzatuluka mu 1945, pamene wojambula wina wa ku Holland, Han van Meegeren, anamangidwa pomuganizira kuti anagulitsa chuma cha dziko kwa Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Nazi ku Germany, ndipo pofuna kudzipulumutsa ku mlandu waukuluwo anaulula kuti chithunzi chimene anagulitsacho, pamodzi ndi cha ku Emau chija, anajambula yekha. Atayeza utoto wake anapezamo mankhwala a pulasitiki amene iye ankasakaniza kuti utotowo uume gwa ngati wa zaka mazana atatu. Phunziro lake kwa wofufuza ndi lakuti chiweruzo cha maso chiyenera kutsimikizidwa ndi zikalata komanso ndi kuyeza zipangizo, ndipo proposal (chikalata chofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita) imene imadalira mawu akuti "ndikuona ngati" sipita patali.

Tsopano tibwere ku funso lanu lenileni, lakuti funso limapezeka kuti. Maganizo anga ndi akuti mafunso abwino kwambiri amapezeka pamene olemba akale anali ndi khungu. Mu 1910 Leo Frobenius wa ku Germany ataona mutu wamkuwa ku Ife, m'dziko limene lero ndi Nigeria, sanakhulupirire kuti anthu akumeneko akanatha kupanga chinthu chokongola chotero, ndipo ananena kuti unali umboni wa dziko la m'nthano la Atlantis. Mu 1938 mitu ina yoposa khumi inafukulidwa pafupi ndi nyumba ya mfumu ya ku Ife, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anatsimikiza kuti inapangidwa ndi amisiri a komweko, Azungu asanafike m'deralo. Mabwinja a Great Zimbabwe nawo ankanenedwa kuti anamangidwa ndi alendo ochokera kutali, mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza ndi umboni wofukulidwa pansi kuti omangawo anali Aafirika. Mu 1971 Linda Nochlin anatenga funso limene anthu ankalifunsa monyoza, lakuti n'chifukwa chiyani kunalibe akazi otchuka pa zojambula, n'kulitembenuza: m'malo mofufuza ngati akazi ali ndi luso, anafufuza malamulo a masukulu a zaluso amene kwa nthawi yaitali ankaletsa akazi kulowa m'makalasi ophunzirira kujambula thupi la munthu, amene anali maziko a zithunzi zolemekezeka kwambiri panthawiyo. Onsewa sanatulukire zithunzi zatsopano zambiri. Anafunsa mwatsopano za zinthu zimene zinalipo kale.

Gawo lina limene lakula kwambiri m'zaka zaposachedwa, ndipo likusowa anthu odekha, ndi kufufuza njira imene chinthu chinayenda kuchokera kwa wochipanga kufikira pamene chili lero. Mu 1897 asilikali a Britain analanda mzinda wa Benin City, umene lero uli ku Nigeria, n'kutengako zinthu zikwizikwi zamkuwa ndi zaminyanga ya njovu, zimene zinamwazikana m'mayiko ambiri. Mu 2022 dziko la Germany linasaina mgwirizano wopereka umwini wa zinthu zotere zoposa 1,000 ku Nigeria, ndipo m'chaka chomwecho kunakhazikitsidwa nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Digital Benin, imene inasonkhanitsa mbiri ya zinthu zoposa 5,000 zosungidwa m'malo 131 a m'mayiko 20. Ntchito yotere imayendera makalata a asilikali, mabuku a ogulitsa malonda ndi kaundula wa nyumba zosungiramo zinthu, ndipo chinthu chilichonse chili ndi ulendo wakewake wofunika kuulondola. Ndaitchula chifukwa munthu angathe kuyamba kuiphunzira ali paliponse pamene pali intaneti, ngakhale kuti pomaliza pake adzafunikabe kukaona zinthuzo ndi maso.

Ndikupemphani kuti mudzipatse miyezi itatu. Sankhani kagulu kakang'ono ka zinthu, monga ntchito za mmisiri mmodzi m'zaka khumi za moyo wake, kapena zokongoletsa za nyumba imodzi, kapena zosema za mtundu umodzi zosungidwa pamalo amodzi. Werengani zimene zalembedwa za izo, kuyambira zatsopano kubwerera m'mbuyo, ndipo muziika chizindikiro paliponse pamene olemba awiri akutsutsana kapena pamene onse akungobwereza mawu a munthu mmodzi popanda kuwayesa. Kenaka lembani tsamba limodzi lokha loyankha zinthu izi m'ziganizo zomveka: mukufuna kudziwa chiyani, ena ananenapo chiyani, umboni wake uli kuti, uli m'chilankhulo chanji, ndipo inuyo mungaufikire bwanji. Pa zonsezi, chomalizachi ndicho chimagwetsa ambiri. Funso lokongola limene umboni wake uli m'nkhokwe yotsekedwa, kapena m'chilankhulo chimene simungachiphunzire m'nthawi imene muli nayo, lidzakulizani pakati pa ulendo. Tsamba limenelo ndilo mbewu ya proposal yanu, ndipo mukalitumiza kwa mphunzitsi yemwe uja, ndikukhulupirira kuti yankho lake lidzakhala lina.

Nkhani ya zilankhulo musaitenge mopepuka. Phunziroli linakhwimira kwambiri m'mayunivesite olankhula Chijeremani, ndipo ngakhale nyumba ya mabuku ya Warburg, yotchuka pa phunziroli, imene lero ili ku London, inasamutsidwa kuchokera ku Hamburg mu 1933 pothawa ulamuliro wa Nazi. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri a ku United States amafuna kuti wophunzira wa PhD akhoze mayeso owerenga zilankhulo ziwiri zachilendo, ndipo kawirikawiri chimodzi chimakhala Chijeremani kwa amene akufufuza za ku Ulaya. Wofufuza za ku Italy amafunika Chitaliyana ndipo nthawi zina Chilatini. Wofufuza za kumadzulo kwa Africa angafunike Chifalansa kapena Chipwitikizi pamodzi ndi chilankhulo cha amisiri eniakewo. Yambani kuphunzira chaka chino, osadikira kalata yokuitanani.

Pa za kopita, ndinena mosapita m'mbali: sankhani munthu musanasankhe dzina la yunivesite. Malo ngati Courtauld Institute ya ku London, imene inatsegulidwa mu 1932, ali ndi mbiri yabwino ndithu, koma pa digiri ya kafukufuku moyo wanu wa tsiku ndi tsiku udzakhala m'manja mwa mphunzitsi mmodzi kapena awiri oyang'anira ntchito yanu. Werengani zimene iwo analemba, muone ngati mafunso awo akuyandikana ndi anu, ndipo polemba kalata mutchule mfundo yeniyeni ya m'zolemba zawo imene yakuthandizani kapena imene simukugwirizana nayo. Mukapeza mpata, funsani ophunzira amene ali pansi pawo kuti amakumana nawo kangati ndiponso kuti zolemba zawo zimabwezedwa patapita nthawi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi phulalo limadyedwa kwa zaka zinayi.

Kayendetsedwe ka maphunzirowa kamasiyana malinga ndi dziko. Ku Britain masitazi nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi, ndipo PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, wophunzira akulemba buku la kafukufuku la mawu pafupifupi 80,000 mpaka 100,000, limene amaliteteza pakamwa pamaso pa oyesa awiri, mmodzi wochokera ku yunivesite ina. Ku United States PhD imayamba ndi zaka ziwiri kapena zitatu za m'kalasi ndi mayeso akuluakulu, choncho yonse imatenga zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, mwinanso kuposerapo. Kwa inu amene funso lanu silinakhwime, ndikuona kuti masitazi ndiyo poyambira pabwino, chifukwa idzakuonetsani m'chaka chimodzi kapena ziwiri ngati mungapirire moyo wokhala nokha ndi zikalata kwa miyezi yambiri.

FUNSO LACHIWIRI

Wokondedwa Mlangizi,

Mwana wanga wamwamuna wapatsidwa malo ochitira PhD ya mbiri ya zaluso kunja, koma sanapeze thandizo la ndalama, ndipo akundipempha kuti nditenge ngongole yomulipirira chaka choyamba, ati zinazo zidzaoneka kutsogolo. Ine sindimvetsa n'komwe kuti munthu wophunzira za zithunzi amadzagwira ntchito yanji. Kodi ndivomere?

Ine wanu,
Kholo lodera nkhawa

YANKHO

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo malangizo anga ndi akuti musatenge ngongoleyo. Sindikunena izi ponyoza phunziroli, limene ndimalilemekeza kwambiri, koma chifukwa cha mmene ntchito zake zilili. Malo a uphunzitsi wokhazikika m'mayunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi anthu amene amamaliza PhD chaka chilichonse, ndipo ambiri amayamba ndi makontirakiti afupiafupi, kusamuka mzinda ndi mzinda, asanapeze pokhazikika. Ngongole ya zaka zinayi kapena zisanu ndi katundu wolemera kwa munthu amene malipiro ake oyamba adzakhala osadalirika. Mawu akuti zinazo zidzaoneka kutsogolo ndi oopsa makamaka pano, chifukwa mabungwe ambiri othandiza amakonda kutenga wophunzira kuyambira pachiyambi, ndipo amene ndalama zamuthera pakati amasiya wopanda digiri koma ali ndi ngongole.

Ntchito zilipo, ndipo ndi bwino kuti muzidziwe. Ena amakhala oyang'anira zinthu m'nyumba zosungiramo zaluso, kumene amasankha zogula, kukonza zionetsero ndi kulemba mabuku ofotokoza zimene zasungidwa. Ena amafufuza umwini wa zinthu, ntchito imene inakula kwambiri kuchokera mu 1998, pamene mayiko 44 anagwirizana ku Washington pa mfundo zofufuzira ndi kubweza zaluso zimene a Nazi analanda. Ena amalembedwa ndi makampani ogulitsa zaluso monga Christie's ndi Sotheby's, ena ndi mabungwe oteteza malo a mbiri, ena ndi osindikiza mabuku. Koma mwana wanu adziwe kuti zina mwa ntchitozi sizifuna PhD, masitazi ndi luso lopezeka pogwira ntchito zimakwanira, ndiponso kuti kukonza zithunzi ndi zosema zowonongeka ndi ntchito ina, imene imafuna maphunziro akeake ophatikizapo kemisitiri.

Chimene mungachite ndi ichi. Muuzeni alembere yunivesiteyo kupempha kuti amusungire malowo mpaka chaka chamawa, pakuti mayunivesite ambiri amavomera pempho lotere, ndipo chaka chimenecho achigwiritse ntchito pofunsira thandizo kulikonse kumene angayenerere. Mayunivesite akuluakulu a ku United States akatenga wophunzira wa PhD kawirikawiri amamuchotsera fizi ndi kumupatsa ndalama zodyera kwa zaka pafupifupi zisanu, iye n'kumathandiza kuphunzitsa. Ku Germany mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi pa PhD, ndipo bungwe la DAAD limathandiza ophunzira ochokera kunja. Adziwenso kuti sikolashipu ya Chevening imalipirira masitazi ya chaka chimodzi yokha ku Britain, osati PhD, kuti asatayepo nthawi yake. Poti wapatsidwa kale malo, ndiye kuti pali mphunzitsi amene waona kanthu m'ntchito yake. Amupemphe ameneyo kuti amuwerengere zikalata zofunsira thandizo ndi kumulembera kalata yomuchitira umboni.

Pomwe akudikira, apeze ntchito, ngakhale yongodzipereka, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale kapena m'nkhokwe ya zikalata, ndipo ayambe kuphunzira chilankhulo chimene kafukufuku wake akuchifuna. Ngati mukufuna kumuthandiza ndi ndalama zanu, mulipirireni maphunziro a chilankhulocho ndi mayeso ofunsira malo, zimene mtengo wake mungaudziwe lero lomwe musanavomere.